Ndemanga ya ntchito yosintha thabwa la mawu m'piyano yakale yogona

Kusintha thabwa la mawu, thabwa lopyapyala la pansi pa nsambo limene limakulitsa mawu a piyano, ndi ntchito yaikulu kuposa ina iliyonse imene mwini piyano angapereke kwa mmisiri, chifukwa ikayambika palibenso kubwerera. Thabwa lakale limamatulidwa pa mkombero, khoma la mtengo lozungulira piyano, ndipo mawu amene piyanoyo idzatulutse kwa zaka makumi angapo amadalira zosankha zimene mmisiri amapanga ali yekha kumalo kwake ogwirira ntchito. Piyano yanga yogona (ya mtundu umene nsambo zake zimayalidwa chogona), yotalika pafupifupi mamita 2 ndiponso ya zaka zoposa 100, inadutsa m'ntchito imeneyi. Ndinene poyambirira pomwe kuti ndine wokhutira nayo kwambiri, ngakhale kuti pali zinthu zina zimene amisiri amene anaigwira ayenera kukonza pa mmene amachitira ndi makasitomala awo.

Vuto la piyanoyi linkamveka kwambiri kumtunda, ndiye kuti kumakiyi a mawu okwera, cha m'okitevu (gulu la makiyi 12 otsatizana) yachisanu ndi yachisanu ndi chimodzi, dera limene nyimbo zambiri zimaika mawu otsogolera. Munthu akagunda kiyi, mawu ankatuluka mwamphamvu ngati aphulika, koma asanafike patali ankazimirira, moti nyimbo yodekha imene imafuna kuti liwu limodzi ligwirane ndi linzake inkamveka yoduka-duka. Pathabwa pankaoneka ming'alu ingapo yotsata mizere ya mtengo, ndipo aliyense amene ankasuzumira mkati ankaloza ming'aluyo kuti ndiyo matenda. Amisiri amene ndikuwalembera ndemangayi sanayambire pamenepo. Anagona chagada pansi pa piyano atatenga tochi ndi ulusi, n'kukunga ulusiwo pafupi ndi nthiti yaitali kwambiri (nthiti ndi timitanda timene timamatidwa kunsi kwa thabwa), kuchokera kumapeto ena a thabwa kukafika kumapeto enawo. Thabwa labwino limakhala ndi kalinunda, ndiye kuti limakwera pang'ono pakati, ndipo pakati pa ulusi ndi thabwa pamayenera kuoneka mpata wa mamilimita ochepa. Pa langa ulusi unkakhudza thabwa utali wake wonse, ndipo kumtunda, pansi penipeni pa mlatho (mtengo womatidwa pathabwa umene nsambo zimatsamirapo), thabwa linali litafwamphukira pansi n'kumakankha ulusiwo. Atatuluka anandigwira dzanja n'kuyendetsa chala changa pamwamba pa thabwa mopingasa, ndipo ndinamva timizere totupa, tolimba, tondondozana ndi malo amene matabwa analumikizidwa ndi guluu. Anandiuza kuti timizere timeneti ndi timene timawauza mbiri ya thabwa kuposa ming'alu.

Kuti munthu aone chifukwa chake kuyeza kumeneku kunali koyenera, afunika kudziwa katundu amene thabwa la mawu limasenza. Piyano ya makiyi 88 imakhala ndi nsambo pafupifupi 230, ndipo iliyonse imakungidwa ndi mphamvu ya makilogalamu 70 mpaka 90, zimene zikaphatikizidwa zimafika pa matani 18 kapena 20. Mphamvu yoopsayi sisenzedwa ndi thabwa ayi. Imasenzedwa ndi chimango cha chitsulo chosungunula, chimene Alpheus Babcock wa ku Boston analembetsa kuboma ngati luso lake mu 1825 ndipo Jonas Chickering anachipititsa m'mapiyano ogona mu 1843. Thabwa limalandira gawo laling'ono chabe la mphamvuyo. Mlatho umene unamatidwa pathabwa umakwera pang'ono kupitirira mzere wowongoka wa nsambo, choncho nsambo iliyonse imapindika pang'ono podutsa pamenepo n'kumapsinja mlathowo. Ngati kupindikako ndi digiri imodzi, nsambo ya makilogalamu 75 imapsinja ndi kilogalamu imodzi ndi kachigawo, ndipo nsambo zonse pamodzi zimafika pa makilogalamu pafupifupi 300. Katundu ameneyu amakhala pa thabwa la mtengo wa spruce lochindikala mamilimita 8 kapena 9 okha, usana ndi usiku, chaka ndi chaka, popanda kupumira.

Thabwa lopyapyala chotero silingasenze katunduyo lokha, n'chifukwa chake kunsi kwake kumamatidwa nthiti, zimene mizere yake ya mtengo imapingasa mizere ya thabwa. Zimene zimachitika mkati mwake n'zofanana ndi thabwa loyalidwa pamwamba pa ngalande munthu akaliponda pakati: mbali ya pamwamba imafinyika, mbali ya pansi imakokeka, ndipo penapake pakati pali mzere umene sufinyika kapena kukokeka. M'piyano, mbali ya pamwamba ndi thabwa la mawu lenilenilo, ndipo ya pansi ndi nthiti. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, chifukwa thabwalo limafinyidwa mopingasa mizere yake, kumene mtengo uli wofooka kwambiri, pamene nthiti zimakokedwa motsata mizere yake, kumene mtengo uli wolimba koposa. Mtengo wa spruce ukafinyidwa mopingasa kufika pafupifupi 1 peresenti ya mulifupi mwake, timaselo take timaphwanyika ndipo situbwereranso mwakale.

Amisiriwa anandifotokozera kuti thabwa langa lakale linapangidwa m'njira imene linunda lake limabwera chifukwa cha kufinyika kokhako. M'njira imeneyi thabwa limaumitsidwa kwambiri, mpaka chinyontho cha mkati mwake chitsike kufika pa 4 kapena 5 peresenti, kenako nthiti zowongoka zimamatidwa kunsi kwake. Likatulutsidwa mu mpweya wamba limayamwa chinyontho n'kufuna kufutukuka mopingasa, koma nthiti zimalikaniza popeza mtengo sutalika kwenikweni motsata mizere yake, ndipo popeza mbali ya pamwamba ikukula pamene ya pansi yagwidwa, chinthu chonsecho chimapindikira m'mwamba. Njirayi ndi yakale ndiponso yolemekezeka, ndipo mapiyano ambiri otchuka, kuphatikizapo a kampani ya Steinway, amapangidwa motero. Thabwa lotere likadali latsopano limakhala ndi moyo umene oimba ambiri amaukonda. Kuvuta kwake n'kwakuti nthiti zinali zowongoka pachiyambi ndipo nthawi zonse zimafuna kubwerera mmene zinalili, choncho thabwa limalimbana ndi adani awiri nthawi imodzi, nsambo zimene zikulipsinja kuchokera pamwamba ndi nthiti zimene zikulikokera pansi.

Nyengo ndi imene imamaliza ntchito yowononga. Mpweya wa m'chipinda ukakhala ndi chinyontho cha 25 peresenti, mtengo umakhazikika pa chinyontho cha pafupifupi 5 peresenti, koma mpweya ukafika pa 70 peresenti mtengo umakwera kufika pafupifupi 13 peresenti. Thabwa la Sitka spruce (mtundu wina wa spruce) lotambasuka mita imodzi, likanakhala lomasuka, likanafutukuka ndi sentimita imodzi kapena kupitirira pang'ono pa kusintha kumeneku. Koma silomasuka, lagwidwa ndi nthiti komanso mkombero, ndiye kufutukuka konseko kumasanduka kufinyika. Timaselo timaphwanyika, makamaka pafupi ndi malo olumikizira, n'kutulutsa timizere totupa tija. Kukadzauma, thabwa limene tsopano lachepa mulifupi mwake limanyala n'kuyamba kukokeka, ndipo mtengo wokokedwa mopingasa umang'ambika mosavuta. Choncho mng'alu umaoneka nthawi youma, koma unabadwa nthawi yachinyontho. Nditamva zimenezi ndinamvetsa chifukwa chake amisiriwa sanafune kungokhomera timitengo topyapyala m'ming'alu, ntchito imene ikanakhala yachangu ndiponso yosavuta kwa iwo. Timitengo timatseka mpata ndipo thabwa limaoneka bwino, koma kufinyika kumene kunkagwira linunda kunatha kale, ndipo palibe guluu amene angakubwezeretse.

Ndiyenera kuwayamikira chifukwa sanandikakamize. Ananena momveka kuti mng'alu pawokha suwononga mawu, ndipo kuti piyano zambiri zokhala ndi ming'alu zimaimba bwino malinga ngati nthiti zidakali zomatika ndipo thabwa lidakali lolimba. Anati akanapeza linunda ndi kupsinja kwa nsambo zili bwino, akanandibweza ndi malangizo a chinyontho basi. Chimene chinawachititsa kunena kuti thabwa lisinthidwe ndi kulumikizana kwa zimene anayeza ndi zimene tonse tinkamva. Thabwa likafooka, limalandira mphamvu ya nsambo mosavuta kwambiri n'kuimwaza yonse nthawi imodzi, ndiye mawu amatuluka okweza koma aafupi. Thabwa lolimba mokwanira limalandira mphamvuyo pang'onopang'ono, n'kumabwezera yambiri ku nsambo, ndipo mawu amakhalitsa. Kuphulika ndi kuzimirira kumene ndinkamva kumtunda kunali pamalo omwewo pamene ulusi unasonyeza kuti thabwa lafwamphuka.

Pa thabwa latsopano anasankha njira yachiwiri, imene nthiti zimasemedwa zili zokhota kale mbali yake ya pamwamba, ndipo thabwa limaumitsidwa pang'ono chabe, cha pa 6 peresenti kapena kupitirira pang'ono, lisanamatidwe. Pamenepa linunda limachokera m'maonekedwe a nthiti, ndipo nsambo zikapsinja, nthiti iliyonse imasenza katundu ngati mtanda, kumtunda kwake kukufinyika ndipo kunsi kwake kukukokeka, zonsezi motsata mizere ya mtengo kumene spruce ali ndi mphamvu zochuluka. Thabwa limafinyikabe, makamaka nthawi yachinyontho, koma linunda silidaliranso kufinyikako. Amisiri a piyano amatsutsana kwambiri pa njira ziwirizi, ndipo ena amaumirira kuti piyano yakale iyenera kubwezeretsedwa m'njira imene wopanga wake anagwiritsa ntchito, apo ayi siikhalanso piyano yomweyo. Mfundo imeneyi ndimailemekeza, ndipo kwa piyano yosungidwa chifukwa cha mbiri yake ndingagwirizane nayo. Yangayi ndi yoimbira tsiku ndi tsiku, m'chipinda chimene chinyontho chimasintha ndi nyengo, ndipo ndinaona kuti n'kwanzeru kupereka katundu kwa mbali ya mtengo imene ingamusenze kwa nthawi yaitali.

Tinakambirananso za chikhulupiriro chofala chakuti mkombero wa piyano ndiwo umagwira linunda, polikankha kuchokera m'mbali kuti lisaphwe. Maganizo amenewa ali ndi mbiri yake: Richard Gertz wa kampani ya Mason & Hamlin analembetsa mu 1900 chipangizo cha ndodo zachitsulo zokokera mkombero pakati kuti usafutukuke. Amisiri angawa amavomereza kuti mkombero wolimba ndi wofunika, chifukwa umabwezera kunjenjemera m'thabwa m'malo mokumeza, koma sakhulupirira kuti ungagwire linunda. Chifukwa chawo ndi chakuti linundalo ndi laling'ono kwambiri. Mwamwambo limatsata chozungulira chimene theka la mulifupi mwake ndi mamita pafupifupi 18, ndiye pa thabwa la mita imodzi limakwera ndi mamilimita osapitirira 7, ndipo kusiyana kwa utali wa thabwa lokhota chotero ndi lowongoka sikufika ngakhale theka la milimita. Kufinyika kochepa chabe kwa mtengo kungameze kusiyana konseko mkombero uli chiimire. Kwa ine kufotokoza kumeneku kunali kogwira mtima, ndipo kunagwirizana ndi zimene tinaona, popeza mkombero wa piyano yanga unali wolimba bwinobwino koma linunda linali litapita.

Anandilola kukaona ntchito ili mkati, ndipo zimene ndinaona kumeneko ndi zimene zinandipatsa chikhulupiriro chachikulu. Thabwa latsopano, la Sitka spruce wocheka kuti mizere yake iime chilili, linali m'bokosi lotenthetsa, ndipo pambali pake panali kachidutswa ka mtengo womwewo kamene ankakayeza pasikelo kuti adziwe chinyontho chimene chatsala. Nthiti zinali zitayalidwa pa tebulo motsatana, iliyonse ndi nambala yake yolembedwa ndi pensulo. Sizinali zokhota mofanana. Zazifupi za kumtunda zinali zokhota kwambiri ndiponso zochindikala poyerekeza ndi utali wake, kuti dera limene linafooka lija likhale lolimba, pamene zazitali za kumabesi zinali zokhota pang'ono ndipo zinasemedwa mopyapyala chakumapeto kuti thabwa lizitha kusuntha momasuka pa mawu otsika. Anatenga nthiti imodzi, n'kuikhazika pa timitengo tiwiri, n'kupachika cholemera pamalo pamene mlatho udzadutse, kenako anawerenga pa geji mmene yatsikira. Ankachita zimenezi pa nthiti iliyonse chifukwa mitengo iwiri yooneka mofanana ikhoza kusiyana kulimba kwake. M'mphepete mwa thabwa anaparamo pang'ono kuti mukhale mopyapyala kusiyana ndi pakati, nzeru imene Steinway analembetsa mu 1936, koma sanapare dera la kumtunda, kumene ankafuna kulimba.

Gawo lomaliza la ntchito yawo, limene mwini piyano saliona nkomwe likatha, ndi kuika kupsinja kwa nsambo. Chimango cha chitsulo chinabwezeredwa, ulusi unakungidwa m'malo mwa nsambo, ndipo pamwamba pa mlatho watsopano wa mtengo wa maple panapalidwa pang'onopang'ono mpaka kupindika kwa ulusi kunafika pamene ankafuna. Anaika kupsinja kochulukirapo kumtunda ndi kochepa kwambiri kumabesi. Anawerengeranso kuti nsambo zonse zikadzakungidwa, thabwa lidzatsika n'kudya gawo lina la linunda, ndipo kupindika kwa nsambo kudzachepa motsatira, choncho zimene munthu amayeza nsambo zisanaikidwe si zimene zimatsala pamapeto. Mmisiri amene saganizira zimenezi akhoza kupsinja thabwa mpaka kulitsamwitsa, kapena kulisiya lopanda katundu wokwanira moti mawu amamveka opyapyala.

Piyano itabwera, mawu ake m'masabata oyambirira anali owala ndiponso ouma pang'ono, ndipo inkachoka pa chuni msanga, zimene zimayembekezeka pamene nsambo zatsopano zikutamuka ndipo thabwa likukhazikika pansi pa katundu wake. Amisiriwa anabwera kudzaichuna mobwereza ndi kufewetsa ubweya wa tinyundo togunda nsambo ndi singano, ndipo pang'onopang'ono mawu anakhwima. Kusintha kwakukulu kuli kumtunda kuja. Liwu limene kale linkafa litangobadwa tsopano limaima, limayenda, ndipo limakumana ndi lotsatira lisanazimirire, moti nyimbo zodekha zimene ndinali nditasiya kuimba zabwerera. Ndikagunda mwamphamvu mawu amakula popanda kusweka, ndipo ndikagunda mofatsa amamvekabe ndi thupi lake. Mabesi ndi akuya kuposa kale, ngakhale kuti kusinthako sikwakukulu ngati kwa kumtunda. Pamalo pamene nsambo zokulungidwa ndi mkuwa zimasiyira nsambo za chitsulo chokha, khutu limamvabe kusintha kwa mtundu wa mawu pa makiyi angapo. Amisiriwa anandichenjezeratu kuti zimenezi zimachokera ku utali wa nsambo mmene piyanoyi inapangidwira, ndipo kuti thabwa lokha silingazithetse, choncho sindikuwaimba mlandu. Ndivomerezenso kuti mawu a piyano yakale aja, ofewa ndi amdima pang'ono, sanabwerere ndendende, ndipo munthu amene amakonda piyano yake chifukwa cha mawu amenewo ayenera kuganiza mofatsa asanalole kuti thabwa lichotsedwe.

Zodandaulitsa zilipo, ndipo chachikulu ndi nthawi. Ntchito inapitirira tsiku limene analonjeza ndi miyezi ingapo. Chifukwa chake chinali chomveka, popeza anakana matabwa oyamba amene analandira ataona kuti mizere yake inali yotalikirana ndiponso yopendekeka, ndipo ndikuthokoza kuti anatero. Koma sanandidziwitse mpaka nditafunsa ndekha, ndipo munthu amene wapereka chida chimene amachikonda sayenera kudikira mumdima. Chachiwiri ndi chakuti miyezo yonse imene anatenga, ya linunda nsambo zisanakungidwe ndi zitakungidwa, ya kupsinja pa dera lililonse, ndi ya chinyontho cha thabwa pa tsiku lomata nthiti, inatsala m'kope lawo. Manambala amenewa ayenera kuperekedwa kwa mwini piyano pa pepala, chifukwa mmisiri wina amene adzaione zaka 20 kapena 30 zikubwerazi adzafuna kudziwa pamene thabwa linayambira kuti aone mmene latsikira. Nditapempha anandilembera, koma zimenezi ziyenera kukhala mbali ya ntchito popanda kupempha.

Chachitatu chikukhudza chitsimikizo chimene amapereka. Chimanena kuti sichigwira ntchito ngati piyano yasungidwa pamalo a chinyontho chosayenera, koma sichitchula malire ake, ndipo mawu otere akhoza kudzetsa mkangano tsiku lina. Pakamwa anandiuza kuti ndiyesetse kusunga mpweya wa m'chipinda pakati pa 40 ndi 50 peresenti, pamene mtengo umakhazikika pa chinyontho cha 8 kapena 9 peresenti, ndipo anandilangiza kugula kachipangizo koyezera chinyontho ndi kuika piyano kutali ndi zenera la dzuwa komanso chotenthetsera. Malangizowa ndi abwino ndipo ndimawatsatira, koma akanayenera kulembedwa m'chitsimikizomo.

Ntchito imeneyi ndingailimbikitse kwa munthu amene ali ndi piyano yogona ya mkombero wolimba ndi chimango chosang'ambika, imene mawu ake afupika ndipo kuyeza kwasonyeza kuti linunda latha. Sindingailimbikitse kwa amene wangoona mng'alu pamene piyano ikuimbabe bwino, ndiponso kawirikawiri siyoyenera pa piyano yoimirira yaing'ono, pamene kukula kwa ntchito kumaposa phindu la chidacho. Amene akusankha mmisiri amufunse kuti linunda la thabwa latsopano lidzachokera kuti, m'kufinyika kwa thabwa kapena m'kusema kwa nthiti, ndiponso kuti adzaumitsa thabwa kufika pati asanamate. Angathe kusankha njira iliyonse mwa ziwirizi ndi zifukwa zabwino, koma ayenera kutha kufotokoza zifukwazo. Pa piyano yanga, itadutsa nyengo yachinyontho ndi youma, amisiriwa anakunganso ulusi kunsi kwa thabwa ndipo mpata unaonekabe pa nthiti zonse zimene anayeza. Mawu a makiyi a pakati anakwera pang'ono kupitirira chuni nthawi yachinyontho n'kutsikanso kutauma, monga zimachitira piyano iliyonse thabwa likamatupa ndi kunyala, koma pamwamba pa thabwa sipanaoneke kamzere kotupa ngakhale kamodzi.